Za Zotupa Zobadwa Nazo m'Kholingo mwa Makanda

Pamene Akonzi a magazini ino adalengeza kuti aliyense wofuna alembe nkhani ya phunziro, anzanga a kuhositelo adati ine ndilembe za fodya, pakuti kwathu ndi ku Lisasadzi m'boma la Kasungu, kumene mwana amadziwa kusoka fodya asanadziwe kulemba dzina lake. Koma ine ndasankha kulemba za kanthu kakang'ono, kosaposa njere ya mtedza, kamene kadatsala pang'ono kupha mphwanga ndi kuthetsa banja la alongo anga m'chaka cha 2024. Ndipempha aphunzitsi athu a Biology kuti pamene ndaphonya andikonze, popeza zimene ndalemba muno ndidazidziwa pofunsa iwo, powerenga m'laibulale, ndi pomvetsera zimene madotolo adauza alongo anga.

Mwanayo adabadwa mu February, wamwamuna, wolemera makilogalamu 3 ndi pang'ono. Ine ndidamuona koyamba pa tchuthi cha Pasaka, ali ndi masabata 6. Madzulo a tsiku limene ndidafika, tili pakhonde, ndidamva kaphokoso kachilendo kochokera kumsana kwa alongo anga, konga ka njiwa yolira patali, koma kosakanikirana ndi mluzu. Ndidafunsa, ndipo adandiyankha kuti mwanayo amapuma chomwecho chitulukire m'chikuta. Ine ndidaseka, ndi kumupatsa dzina lakuti Kanjiwa. Lero ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimachita manyazi.

M'masiku otsatira ndidaona zina zosaseketsa. Mwanayo akayamba kuyamwa ankasiya msanga, kutsamwa, ndi kulira. Koma kulira kwake kudali kwa pansipansi ngati wina wamuphimba ndi bulangete. Akamugoneka chagada phokoso lija linkakula, akamugoneka chammbali linkachepa. Pansi pa khosi ndi pakati pa nthiti pankalowa m'kati nthawi zonse akamakoka mpweya. Pa khadi la kusikelo, mzere umene uyenera kukwera udagona ngati msewu wa M1 pa chigwa chathu. Alongo anga adali atapita naye kale kawiri ku chipatala china chaching'ono, ndipo kawiri konseko adawapatsa mankhwala a chibayo. Mwana adamaliza mankhwala onse, koma njiwa idapitirira kulira.

Tsono pamudzi padabuka nkhani. Agogo aakazi pamodzi ndi amayi ena achikulire adati mwana wotsokomola ndi kuonda chotere wasemphedwa, ndipo maso onse adaloza kwa alamu anga, amene nthawi imeneyo ankachoka kawirikawiri kukafuna jeke yodindira mabelo. Alamu adakana kwa mtu wa galu, koma mkamwini ali ndi mawu ochepa pamudzi pa eni. Tsiku lina m'mawa adatenga njinga yawo napita kwawo, nasiya fodya ali m'chigafa wosasankha. Ena adati vuto ndi fumbi la fodya, ena adati ndi utsi wa kukhitchini. Palibe amene adaganiza kuti chinthucho mwana adabwera nacho kuchokera m'mimba.

Kuti timvane bwino, anzanga, tiyambe taona mmene khosi la munthu lidapangidwira. Ambiri a ife tidaonapo mbuzi ikusendedwa. M'khosi mwake muli njira ziwiri zogundana. Yakumbuyo ndi yofewa, ndiyo mmero, modzera chakudya popita m'mimba. Yakutsogolo ndi yolimba, ili ndi mphete za mafupa ofewa onga a khutu, ndiyo modzera mpweya popita m'mapapo. Pamwamba pa njira ya mpweyayi pali kabokosi kamene timati kholingo. Ikani chala pakhosi panu ndi kumeza malovu, mudzamva kanthu kakukwera ndi kutsika. Nenani “aaa” chala chili pomwepo, mudzamva kunjenjemera. Limenelo ndilo kholingo, ndipo chonjenjemeracho ndi timinofu tiwiri tokhala ngati milomo, timene mpweya ukadutsa pakati pake timatulutsa mawu.

Koma mawu si ntchito yaikulu ya kholingo. Ntchito yake yoyamba ndi ulonda. Pamwamba pake pali kachitseko kooneka ngati tsamba, kamene m'mabuku athu a Biology kamatchedwa epiglottis. Tikameza, kholingo limakwera, kachitsekoko kamagwada, ndipo chakudya chimatsetsereka pamwamba pake kulowa kummero. Mlondayu akachedwa pang'ono, monga zimachitikira kudayiningi munthu akamaseka nsima ili m'kamwa, timatsamwa. Mwa khanda kholingo limakhala pamwamba kuposa mwa munthu wamkulu, pafupi ndi kumbuyo kwa mphuno, ndipo limatsika mwana akamakula. Khanda liyenera kuyamwa, kumeza ndi kupuma mosinthanitsa mofulumira kwambiri, ndipo kanthu kakang'ono kakasokoneza chimodzi mwa zitatuzi, zonse zimasokonekera.

M'kati mwa kholingo monse muli timatumba ting'onoting'ono topanga madzi oterera onga mamina, kuti pakhosi pasaume. Kathumba kalikonse kali ndi kanjira kotulutsira madzi ake. Tsono yerekezani kasupe wa kudimba amene wina watseka kukamwa kwake ndi dothi: madzi saleka kutumphuka, koma posowa kotulukira amatukumula nthaka. Chomwechonso kanjira kaja kakatsekeka, madzi amadzaza m'kati, khungu lopyapyala la pamwamba limafufuma, ndipo pamabadwa chotupa chozungulira, chosalala, chodzaza madzi. Madotolo amachitcha cyst. Si chithupsa, pakuti mulibe mafinya ngati sichidalowedwe ndi tizilombo. Si khansa, pakuti sichifalikira ku ziwalo zina. Chikadakhala pa mkono sibwenzi tikuchilembera nkhani. Kuopsa kwake konse ndi malo amene chakhala.

M'chaka cha 1970, dotolo DeSanto ndi anzake a ku Mayo Clinic ku America adagawa zotupazi m'mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi umene ndafotokozawu, wochokera ku kanjira kotsekeka, ndipo mwa odwala awo, ana ndi akulu omwe, zitatu mwa zinayi zilizonse zidali zotere. Mwa makanda chotupa cha mtunduwu chimakonda kumera m'kadzenje kamene kali pakati pa tsinde la lilime ndi kachitseko kaja, kotchedwa vallecula. Chikakula chimakankhira kachitseko kumbuyo, nkuphimba khomo la mpweya, makamaka mwana akagona chagada, pamene lilime nalonso limagwera kumbuyo. Cha mphwanga chidali chimenechi. Mtundu wachiwiri umachokera m'kathumba kena kobisika pamwamba pang'ono pa timinofu ta mawu, kotchedwa saccule, kamene ntchito yake ndi kudzoza timinofuto. Khomo la kathumbaka likapanda kutseguka mwana ali m'mimba, kamafufuma kuchokera m'mbali mwa kholingo. Mwana wotere angabadwe akubanika kuyambira mphindi yoyamba, wolira mosamveka kapena wosalira konse.

Palinso zotupa zina zimene zimamera pansi pa timinofu ta mawu mwa ana obadwa masiku asanakwane, amene adaikidwa paipi m'khosi kuti makina awathandize kupuma. Zimenezo si zobadwa nazo, zimadza chifukwa cha kukhudzidwa ndi paipiyo, choncho ndingozitchula ndi kuzisiya.

Wina adzafunsa kuti, nanga kanthu konga njere ya mtedza kangaphe bwanji munthu? Apa Masamu atithandize, ndipo amene amati Masamu alibe ntchito m'moyo atchere khutu. Njira ya mpweya ya khanda, pamalo popapatiza kwambiri, ndi yotambalala pafupifupi mamilimita 4, ndiko kuti yocheperapo kuposa pensulo. Theka lake ndi 2, ndipo mwa lamulo lija la bwalo, 3.14 kuchulukitsa ndi 2 ndi 2, malo odutsa mpweya ndi 12.6. Tsono milimita imodzi yokha itatsekeka kuzungulira konse, theka lija litsala 1, ndipo malo atsala 3.14. Magawo atatu mwa anayi apita! Chitani chomwecho ndi njira ya mamilimita 8, mudzapeza kuti kuchoka pa 50.2 patsala 28.3, ndiko kuti kuposa theka kukadalipo. Nchifukwa chake kutupa kumene kwa bambo ndi kungosasa mawu, kwa khanda ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Ndiponso dotolo wa ku France, Poiseuille, adapeza m'zaka za m'ma 1840 kuti paipi ikachepa ndi theka, kuvuta kokankha madzi m'menemo sikuwirikiza kawiri ayi, koma ka 16. Ndipo mpweya woyenda modekha umatsata lamulo lomweli. Mwana akamalira, mpweya umayenda mwachipwirikiti ndipo kuvutako kumaposa pamenepo. Chotupa sichitseka mozungulira bwinobwino ngati m'samu yangayi, koma mfundo yake ndi yomweyo. Mpweya wothinikizidwa pa kampata umalira, monga mphepo ya mwera imaimbira mluzu pa mng'alu wa chitseko. Phokoso limeneli madotolo amalitcha stridor. Ndipo popeza khanda lotere limagwira ntchito yaikulu usana ndi usiku kungoti lipume, kamkaka kochepa kamene lakwanitsa kumeza kamathera m'ntchito imeneyo. Nako kuonda kumene agogo adakuona, ndipo adaona zoona. Chimene adaphonya ndi gwero lake.

Matendawa ndi osowa kwambiri. Dotolo wa ku Britain, Abercrombie, adalemba za khanda lokhala ndi chotupa chotere m'chaka cha 1881, ndipo madotolo a ku Hong Kong atawerengera mu 1996 adapeza kuti ndi ana pafupifupi 2 mwa 100,000 obadwa amoyo. M'Malawi mumabadwa ana oposa 600,000 pa chaka. Chiwerengero cha ku Hong Kong chitagwiranso ntchito kuno, ndiye kuti ndi ana ngati 11 kapena 12 pa chaka m'dziko lonse, osadzaza ndi minibasi yomwe. Ichi ndi chifukwa chake ine sindiwaimba mlandu a pachipatala chaching'ono chija. Munthu angagwire ntchito pamenepo mpaka kupuma osaonapo chotupa chotere, pamene chibayo amachiona tsiku ndi tsiku, ndipo chibayo chimapha ana ambirimbiri. Mlenje akamva tswatswa m'tchire la kwathu aganiza za kalulu, osati nyalugwe. Chimene chiyenera kudzutsa munthu ndi pamene mankhwala amwedwa onse, kawiri, koma osasintha kanthu.

Tsono tingasiyanitse bwanji? Ife sitili madotolo, koma makutu ndi maso tili nawo. Mwana wa chibayo kawirikawiri amatentha thupi, amatsokomola, ndipo amapuma mofulumira. Bungwe la World Health Organization limaphunzitsa kuti khanda losakwana miyezi 2 likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, la miyezi 2 mpaka 12 ka 50, ndi mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, kumeneko ndi kupuma mofulumira. Mphumu imalira m'chifuwa, makamaka potulutsa mpweya. Koma vuto la m'kholingo limalira pakhosi, makamaka pokoka mpweya. Pali matenda ena otchedwa croup amene amaliranso pakhosi, koma iwo amadza ndi chimfine, mwana amatsokomola ngati galu wouwa, amagwira makamaka ana a miyezi 6 mpaka zaka 3, ndipo amatha m'masiku ochepa. Palinso mwana wokwawa amene wameza njere ya mtedza kapena ya chimanga nkulowa njira yolakwika, chinthu chochitika kwambiri kwathu nthawi yoswa mtedza. Koma ameneyo amakhala bwinobwino m'mawa, nkubanika mwadzidzidzi masana.

Chovuta kusiyanitsa ndi china chimene chimatchedwa laryngomalacia, ndiko kufewa kwa kholingo. Mwa makanda obadwa ndi phokoso la pakhosi, oposa theka vuto lawo ndi limeneli. Kachitseko kaja ndi minofu yozungulira zimakhala zofewa mopitirira, kotero kuti mwana akakoka mpweya zimagwera m'kati. Ambiri a iwo amayamwa bwino, amanenepa, ndipo phokoso limatha lokha asanakwanitse zaka 2. Phokoso lake ndi la chotupa n'zofanana, ndipo nthawi zina mwana mmodzi amakhala ndi zonse ziwiri. Nchifukwa chake mawu akuti “adzasiya akakula” ndi oona kwa ana ambiri koma ndi oopsa kwa ena. Ngakhale dotolo wodziwa sangatsimikize ndi khutu lokha. Ayenera kuona ndi maso.

Ndibwerere kwa Kanjiwa. Usiku wina, patatsala masiku anayi kuti sukulu itsegulidwe, mwana adatsamwa akuyamwa, ndipo milomo yake idada bii kwa kanthawi. Alongo anga adakuwa, mudzi wonse udadzuka. Mayi wina adafuna kumupisa chala kukhosi, wina adathamangira mankhwala a mizu kuti amumwetse. Amayi athu adakana zonse ziwiri, ndipo pambuyo pake tidamva kuti adachita bwino, pakuti chala chingathe kuboola chotupa madzi ake nkutsikira m'mapapo, ndipo chakumwa chilichonse chothiridwa m'kamwa mwa mwana wobanika chimapita njira yomweyo. Adamunyamula choimirira, chifuwa chake chili paphewa pawo, mpaka mpweya udabwerera. Atagona, ine ndidatenga foni ya amayi ndi kujambula kanema wa mphindi imodzi, kuonetsa khosi ndi nthiti zikulowa m'kati, phokoso likumveka bwino. Nzeru imeneyi ndidaichita chifukwa alongo anga adadandaula kuti maulendo awiri aja, atafika pamaso pa adotolo, mwana adali chete ngati wopanda vuto.

Kutacha amayi adandiuza kuti, “Iwe ndiwe mtsibweni wake wa mwanayu, ndipo atate ake palibe. Perekeza alongo ako.” Tidakwera galimoto pamsewu kupita ku Kasungu District Hospital. Adotolo amene tidawapeza adaonera kanemayo kawiri, nayang'ana khadi la kusikelo, nafunsa mafunso atatu amene sindidzawaiwala: phokosoli lidayamba liti, limasintha mwana akatembenuzidwa, ndipo kodi adatenthapo thupi? Atamva mayankho adati, “Amayi, mwanayu chifuwa chake chili bwino. Vuto lili pamwamba, ndipo liyenera kukaonedwa ndi a makutu, mphuno ndi pakhosi.” Adamuika pa mpweya wa okosijeni, nalemba kalata, ndipo m'mawa mwake ambulansi idawatenga kudzera pa Bua, Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, mpaka ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Amayi adapita nawo ngati owadikirira. Ndalama ya chakudya idachokera ku mbuzi imene tidagulitsa motchipa, pakuti fodya wathu adali asanapite ku okushoni ya ku Chinkhoma.

Kuona m'kholingo mwa munthu wamoyo ndi luso limene lili ndi mbiri yokoma. Amene amatchuka nalo sadali dotolo, koma mphunzitsi wa nyimbo wa ku Spain, Manuel García. M'chaka cha 1854, ali ku Paris, adatenga kakalilole ka madotolo a mano nakaika kukhosi kwake, natenganso kalilole wina wa m'manja wolandirira dzuwa, ndipo adaona timinofu take ta mawu tikutseguka ndi kutsekeka. Chaka chotsatira zimene adapeza zidawerengedwa ku Royal Society ku London. Iye adangofuna kudziwa mmene oimba amaimbira, koma madotolo adatola nzeruyo. Khanda silingatsegule kukamwa ndi kudikira kalilole, choncho masiku ano amagwiritsa ntchito kachingwe kofewa, kowonda ngati chingwe cha nsapato, kokhala ndi nyali ndi diso kumapeto. Amakalowetsa pamphuno mwana ali maso, ndipo m'mphindi imodzi kapena ziwiri aona zonse. Mwana amalira, koma kulirako kumathandiza, chifukwa adotolo amaona mmene kholingo likugwedezekera.

Alongo anga adati adawaonetsa chithunzi chake: kampira kotuwa, konyezimira, katakhala kumbuyo kwa lilime, kachitseko kaja katapindikira pansi pake. Koma madotolo sadathamangire mpeni. Adayamba ayesa pakhosi ndi makina a sikani. Ndidafunsa aphunzitsi athu chifukwa chake, ndipo yankho lidandizizwitsa. Chithokomiro, chiwalo chija cha pakhosi chimene chimatupa mchere ukasowa ayodini, chimayambira pa tsinde la lilime mwana ali m'mimba, kenako chimatsika kupita kumalo ake. Mwa ana ena sichitsika, chimatsalira pomwepo, nkumaoneka ngati chotupa. Dotolo atachidula, mwana angatsale wopanda chithokomiro moyo wake wonse. Choncho ayenera kutsimikiza kaye kuti chithokomiro chili pamalo pake.

Kuchiza kwake kuli ndi njira zingapo. Yapafupi ndi kubaya ndi jakisoni ndi kukoka madzi. Mwana amapuma bwino nthawi yomweyo, ndipo pa ngozi zimenezi zimapulumutsa moyo. Koma thumba likadalipo, kasupe akadatumphukabe, ndipo kawirikawiri limadzazanso. Njira yokhalitsa ndi kudula denga lonse la chotupa, kusiya pansi pake potseguka kuti madzi azingotuluka. Dzina lake m'Chingerezi ndi marsupialization, lochokera ku nyama zonga kangaroo za ku Australia zimene zili ndi thumba lotseguka pamimba. Ena amachotsa thumba lonse, makamaka cha mtundu wachiwiri chija. Ntchitoyi imachitika kudzera m'kamwa, ndi timasizasi tatitali kapena ndi kuwala kotentha kwa laser kumene makinawo alipo, kotero kuti kunja sikutsala chipsera. Chotupa chachikulu kwambiri, chotulukira kunja kwa kholingo, ndicho amachitsata pong'amba pakhosi. Nthawi zina, njira ikatsekeka kotheratu, amaboola kabowo pansi pa kholingo naikapo kapaipi kuti mwana azipumira pamenepo kufikira atachira.

Chimene sindinkadziwa ndi chakuti mphindi yoopsa koposa si ya kudula, koma ya kugoneka. Munthu akagonekedwa ndi mankhwala minofu yake imalefuka, lilime limagwera kumbuyo, ndipo kampata kamene khanda linkapumira kangatsekeke. Wogonetsa ayenera kulowetsa paipi ya mpweya pakhomo limene chotupa chalibisa. Chifukwa chake kawirikawiri amayamba achiphwetsa ndi jakisoni, akuyamwa madziwo ndi makina kuti asatsikire m'mapapo. Ife tikamalota za udotolo timalota za wogwira mpeni, koma ine tsopano ndimalemekeza kwambiri uja wokhala kumutu kwa wodwala, amene dzina lake achibale sakumbuka nkulifunsa komwe.

M'maiko olemera chotupa chachikulu nthawi zina chimaoneka pa sikani mayi asanachire, ndipo madotolo amakonzekeratu kutsegula njira ya mpweya mwana akungobadwa, mchombo usanadulidwe. Kuno kwathu akatswiri a pakhosi ndi ochepa. Dr. Wakisa Mulwafu, amene adaphunzira ku Cape Town, adabwerera kumudzi m'chaka cha 2007, ndipo kwa zaka zingapo adali yekha dotolo wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi pakhosi m'dziko lonse lino. Iye adakhazikitsa ntchitoyi pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndi kuphunzitsa makiliniko ofesala kuti akaigwire m'zipatala zina. Pa chipatala chomwecho, mu July 2017, padatsegulidwa Mercy James Centre, malo a opaleshoni ya ana okhala ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya. Zinthu zasintha ndithu. Komabe mwana wa ku Lisasadzi, kuti wina asuzumire m'kholingo mwake, ayenera kuyenda ulendo wa makilomita ngati 100, ndipo asanafike kumeneko payenera kupezeka munthu pamudzi wonena kuti phokoso ili si la masewera.

Munthu ameneyo angathe kukhala mmodzi wa ife, pakuti pa tchuthi ndife timabereka ana kumbuyo akuluakulu ali kumunda, ndipo ndife timatha kuwerenga khadi la kusikelo. Khanda likamalira pakhosi pokoka mpweya ngakhale lili phee osalira, lipite kuchipatala. Likamalowetsa khosi ndi nthiti popuma, likamatsamwa poyamwa, mawu ake akakhala ofooka kapena osasa chibadwire, kapena sikelo ikaima, lipite msanga, ndipo amene wapita nalo anene zonsezi momveka, osangoti “ali ndi chifuwa”. Milomo ikada, kapena likasiya kupuma kwa kanthawi, pamenepo palibe kudikira kuti kuche. Ndipo phokoso likachepa mwa mwana amene wafooka ndi kulefuka, musakondwere. Nthawi zina ndiye kuti watopa, mpweya wodutsa wachepa. Utsi wa nkhuni ndi fumbi la m'chigafa sizibweretsa chotupa, koma zimatupitsa njira imene ndi yopapatiza kale, choncho mwana wotere atalikirane nazo.

Za tsempho ndilankhule mosamala, pakuti agogo anga ndimawakonda, ndipo ndi iwo amene adakhala maso usiku wonse mwana atadwalika. Mwambo umenewu udali ndi ntchito yake, yosunga bambo pakhomo pamene mayi ali ndi khanda. Koma pa mlandu uwu udagwira munthu wosalakwa, ndipo masabata amene tidataya pokangana za yemwe wasempha mwana, chotupa chinkakula. Madotolo adauza alongo anga kuti palibe chimene iwo kapena amuna awo adachita kapena kudya chimene chidabweretsa matendawa, ndiponso si opatsirana. Alongo anga adapempha kuti mawu amenewa awabwereze pamaso pa amayi, ndipo adotolo adawabwereza.

Opaleshoni idachitika ine nditabwerera kale kuno. Tsiku limenelo tidali ndi phunziro la Geography, ndipo sindikumbuka liwu ndi limodzi lomwe la phunzirolo. Madzulo aphunzitsi oyang'anira hositelo adandiitana nandipatsa foni yawo. Amayi sadanene zambiri, adangoti, “Tamvera.” Ndidamva mwana akulira mokweza, mwaukali, ngati ana ena onse. Adakhala m'chipatala masiku ena akumwa mkaka wa m'mawere kudzera pa kapaipi ka pamphuno mpaka pakhosi pataphwa, kenako adayamba kuyamwa yekha. Kaphokoso kakang'ono kadatsalira kwa miyezi ingapo, chifukwa kachitseko kaja kadafewa pokhala kopsinjidwa nthawi yaitali, koma kadatha. Adawauza kuti abwerere kukaonetsa, ndipo kuti phokoso likadzayambiranso asadzachedwe, popeza zotupazi nthawi zina zimameranso. Maulendo onse adapita, ndipo sichidabwerere.

Alamu adafika ku Lilongwe tsiku lotsatira opaleshoni, atanyamula thumba la ufa ndi nkhuni pa basi. Nkhani ya kuchoka kwawo idakambidwa pambuyo pake ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ine monga mwana sindidaitanidwe. Ndidangoona pa tchuthi chotsatira kuti njinga yawo yatsamira pakhoma pamalo pake pa kale, ndi kuti agogo adawaphera nkhuku. Fodya wa chaka chimenecho adapita mochedwa ku okushoni ndipo mabelo ena adagulidwa pa mtengo wotsika. Mbuzi ija sitidaibwezerebe. Mphwanga tsopano akuthamanga, amathamangitsa nkhuku pabwalo, ndipo akafuna kanthu amakuwa mpaka a kutsidya kwa msewu amamva. Dzina lija la Kanjiwa ndidayesa kulithetsa, koma lidakanirira, ndipo iye mwini akafunsidwa dzina amatchula lomwelo.